Mfuti yoyamba yodzilowetsera yokha zipolopolo: ubwino wake uli mkati, osati pa dzina

Kuno ku America, munthu akalowa m'sitolo ya mfuti koyamba maso amathamangira pakhoma pomwe pandandalikidwa mfuti zakuda zija. Zonse n'zofanana ngati mapasa, koma mtengo wa ina umaposa wa inzake kawiri kapena katatu. Wogulitsa akakuonani kuti ndinu mlendo pa zimenezi amayamba kukutchulirani mayina a makampani, ndipo mumatuluka mutu uli balala. Pa zaka zomwe ndakhala ndikuwombera chandamale ndi kumasula mfuti zamtunduwu, ndaona kuti kusiyana kwenikweni kuli pa tizigawo tinayi kapena tisanu tomwe sitioneka mfuti ili pakhoma. Tizigawo timeneto nditi, ndipo mungatione bwanji musanatulutse ndalama, ndi zomwe ndikufuna tikambirane.

Mfuti yomwe amati semi-automatic ndi ija ikaphulika imadzitayira yokha chigoba n'kudzilowetsera chipolopolo china, koma siwombanso mpaka mutasiya trigger, kachitsulo kokoka ndi chala powomba, n'kuikokanso. Kukoka kamodzi, chipolopolo chimodzi. Si ija ya asilikali yolakatitsa zipolopolo ayi, ngakhale maonekedwe nthawi zina amafanana.

Musanaganize za mtundu, dziwani kaye ngati lamulo likukulolani. Ku America nzika ndi munthu wa green card, chilolezo chokhala m'dzikomo mokhazikika, angathe kugula, bola akhale opanda milandu yoletsa. Amene ali pa viza ya sukulu, ya ntchito kapena yongocheza ndi woletsedwa, kupatula pa zifukwa zochepa monga kukhala ndi laisensi yosakira nyama. Mukagula kwa wogulitsa wovomerezeka mumalemba fomu 4473 ndipo dzina lanu limafufuzidwa. Lamulo la dziko lonse limalola wazaka 18 kugula mfuti yayitali, koma zigawo zina monga Florida zimafuna zaka 21, pomwe California, New York, Illinois ndi Washington anaika ziletso zazikulu pa mfuti za mtundu wa AR-15, mfuti zakuda zapakhoma zija. Chinthu chimodzi chomwe chimakola anthu athu ndi ulemu: mlamu kapena mnzanu wa kutchalitchi akakupemphani kuti mumugulire mfuti m'dzina lanu, kanani. Umenewo ndi mlandu wa ndende. Abale a ku South Africa, kumeneko chiphaso chotsimikiza kuti mukuyenera kukhala ndi mfuti chimaperekedwa kwa nzika kapena wokhala ndi chilolezo chokhazikika, ndipo mfuti yayitali yodzilowetsera yokha imafuna zifukwa zoonjezera, kawirikawiri umembala wokhazikika m'bungwe la masewera owombera. Ku Britain, kuchokera mu 1988, mfuti ya rifle yotere yomwe munthu wamba angaloledwe ndi ya tizipolopolo ting'onoting'ono ta .22 basi.

Ndipo .22 yomweyo ndiyo ndimauza aliyense kuti ayambire, ngakhale komwe zazikulu zili zololedwa. Chipolopolo cha .22 LR sichikankha paphewa, phokoso lake n'lochepa, ndipo ndi ndalama zogulira zipolopolo zana za 5.56, zomwe AR-15 imawombera, mumapeza mazana angapo za .22. Munthu amaphunzira kuwomba powomba. Woyambira pa mfuti yaphokoso amazolowera kutsinzina ndi kugwedeza mfuti chipolopolo chisanatuluke, ndipo chizolowezi chimenechi chimatenga miyezi kuti chichoke.

Pa mfuti za .22, yomwe zina zonse zimayezedwa nayo ndi Ruger 10/22, yomwe inatuluka mu 1964 ndipo ikupangidwabe. Imalemera pafupifupi makilogalamu awiri ndi pang'ono. Magazini yake ndi kabokosi kozungulira mkati, kolowa zipolopolo 10, komwe kamabisala konse m'mimba mwa mfuti. Kamagazini kameneka ndiye chifukwa chachikulu chomwe mfutiyi sivutavuta, chifukwa kamapereka chipolopolo chilichonse pa mlingo umodzimodzi. Ilipo ina yayitali ya zipolopolo 25 yotchedwa BX-25, ya kampani yomweyo, ndipo imagwira bwino. Magazini aatali otchipa opanda dzina ndiwo amayambitsa mavuto ambiri omwe anthu amanamizira mfuti. Mpope wa 10/22 umagwidwa ndi kachitsulo kooneka ngati V ndi masikuluwu awiri, kotero kuusintha sikufuna makina. Zofooka zake zilipo. Trigger yochokera kufakitale ndi yolimba pang'ono, kotsekulira bolt (chitsulo chokankhira chipolopolo mumpope n'kutseka kumbuyo kwake) kamafuna kuzolowera, ndipo zipolopolo zikatha bolt siima yotsegula, choncho mumangomva kuti "tche" osadziwa ngati zatha kapena chipolopolo chakana. Pochotsa thabwa lake kumbukirani kuika kabatani ka sefite, koletsa mfuti kuwomba, pakati penipeni, apo ayi kamakanda thabwalo.

Smith & Wesson M&P15-22 ndi ya .22 koma yovala thupi la AR-15: sefite, kochotsera magazini ndi chokokera bolt zili pamalo omwewo. Ngati cholinga chanu n'kudzafika pa AR-15, manja anu aphunzirira pomwepa. Thupi lake ndi lapulasitiki yolimba, n'yopepuka, ndipo bolt imaima yotsegula zipolopolo zikatha. Mu 2019 kampaniyi inapempha eni mfuti zopangidwa February wa chaka chimenecho asanafike kuti ayeze nkhope ya bolt, choncho mukamagula yogwiritsidwapo kale ntchito funsani ngati inayezedwa. Marlin Model 60, ya mu 1960, yomwe zipolopolo zake zimalowa m'kampope kapansi pa mpope waukulu, imalasa bwino kwambiri, koma masiku ano mumaipeza yakale yokha, ndipo kutsimikiza kuti mulibe chipolopolo chotsalira m'kampopeko kumafuna chidwi.

Mfuti zonsezi zimayenda ndi mphamvu ya chigoba chomwe chimakankha bolt kumbuyo, motero zimasankha zakudya. Chipolopolo chofooka sichikankha bolt mokwanira, chigoba chimapanikizika pakhomo chili chiimire ngati chumuni. Musagule zipolopolo za mtundu umodzi zodzaza chidebe musanayese. Tengani timabokosi ta mitundu inayi kapena isanu, ta 50 kapena 100, muone zomwe mfuti yanu ikukonda. CCI Mini-Mag ya grain 40 (grain ndi muyeso wa kulemera kwa mutu wa chipolopolo) imayenda pafupifupi m'mfuti iliyonse yamtunduwu, ndiye ndi yabwino kuyambira nayo kuti mudziwe ngati vuto lili pa mfuti kapena pa zipolopolo. Zogulitsidwa zambirimbiri m'bokosi limodzi zimakhala ndi zina zosaphulika, chifukwa mankhwala oyatsira amapakidwa m'mphepete mwa chigoba ndipo nthawi zina safika ponseponse. Chikakana, mfuti ikhalebe yoloza kuchandamale masekondi 30 musanatsegule. Komanso .22 ndi yauve: phula la pa chipolopolo ndi mwaye zimaunjikana pa nkhope ya bolt ndi pansi pa kambedza kokoka chigoba. Mfuti yomwe inkayenda bwino ikayamba kukana itawomba mazana angapo, itsukeni kaye musanaiweruze.

Tsopano za AR-15, pomwe pali mpikisano weniweni wa makampani. Zilembo ziwirizo zikuimira ArmaLite, kampani yomwe Eugene Stoner ankagwirako ntchito m'ma 1950, ndipo mu 1959 Colt anagula umwini wa kapangidwe kake. Umwiniwo utatha mphamvu, aliyense anayamba kupanga, n'chifukwa chake zigawo za makampani osiyana zimalowana. Ambiri mwa makampaniwa sasula okha chilichonse, amagula zigawo kwa amisiri ena n'kulumikiza. Ndiye funso si lakuti dzina ndi la ndani, koma kuti anagula chitsulo chanji, anachiyeza kapena ayi, ndipo wolumikiza anali wosamala motani.

Kuti mumvetse zoyang'ana, dziwani momwe imayendera. Pampope pali kabowo kakang'ono. Chipolopolo chikadutsa, mpweya wotentha umalowa m'kabowoko, n'kuyenda m'kampope kowonda kubwerera kumbuyo, n'kulowa m'kachitsulo kotchedwa gas key komwe kamangidwa pamwamba pa chonyamula bolt. Mpweyawo umakankha chonyamulacho, bolt imatembenuka n'kumasuka, chigoba chimatuluka, kenako sipulingi ya m'thako la mfuti imabweza zonse kutsogolo ndi chipolopolo chatsopano. Pakangodontha mpweya penapake pa njira imeneyi, mfuti yasanduka ndodo.

Choyamba kuyang'ana ndi gas key yomweyo. Pemphani wogulitsa atsegule mfuti, akoke kapini kakumbuyo, atulutse bolt ndi chonyamula chake. Sizitenga ngakhale mphindi imodzi, ndipo wokana kuchita zimenezi musagule kwa iye. Pamwamba muona masikuluwu awiri. Chitsulo cha m'mbali mwa sikuluwu iliyonse chiyenera kukhala chokhomedwa mbali zonse ziwiri mpaka kulumira mutu wa sikuluwuyo. Mukaona timadontho tongokanda pamwamba, tosakhudza n'komwe mutu wa sikuluwu, dziwani kuti kutentha ndi kugwedezeka zidzamasula masikuluwuwo, mpweya udzayamba kuthawa, ndipo bolt idzayamba kubwerera theka la njira. Chizindikiro chake n'chakuti chigoba chimatuluka koma chipolopolo chatsopano sichilowa, ndipo magazini ikatha bolt siima yotsegula. Gwirani gas key ndi zala muigwedeze. Isasunthe ngakhale pang'ono.

Chachiwiri ndi bolt, kachitsulo kakang'ono kamano komwe kamanyamula mphamvu yonse ya kuphulika. Chitsulo chomwe asilikali a ku America amafuna ndi Carpenter 158. Chinanso chabwino, chikatenthedwa moyenera, ndi 9310. Funani zilembo MPI, kapena HPT ndi MPI pamodzi, pa bolt kapena pa pepala la mfutiyo. HPT ndiye kuti anaiwombera chipolopolo champhamvu mopyola muyezo, MPI ndiye kuti anaiunika ndi maginito kufufuza ming'alu yosaoneka ndi maso. Makampani ena amayeza bolt iliyonse, ena amangotola zochepa pagulu, ndipo kusiyana kwa mtengo kumayambira pamenepa. Bolt yosalimba imathyoka pa bowo la kapini kotembenuzira kapena pa mano oyandikana ndi kambedza kokoka chigoba. Kampani yomwe sinena chitsulo chomwe inagwiritsa ntchito, ine ndimaiona ngati yayankha kale.

Chachitatu ndi mpope. Werengani zolembedwa pampope penipenipo, osati pa thupi la mfuti. Ukalembedwa 5.56 NATO kapena .223 Wylde, mungathe kuwombera 5.56 ndi .223 Remington zomwe. Ukalembedwa .223 Remington yokha, musalowetse 5.56, chifukwa malo a kutsogolo kwa chipolopolo ndi aafupi ndipo mphamvu imakwera mopitirira. Nambala ngati 1:7, 1:8 kapena 1:9 ikunena za mizere yopotana ya mkati: chipolopolo chimazungulira kamodzi pa mainchesi 7, 8 kapena 9. Zipolopolo zofala za grain 55 ndi 62 zimayenda bwino pa zonse zitatu, koma zolemera za grain 77 zimafuna 1:8 kapena 1:7, apo ayi zimafika pachandamale zili chopingasa n'kusiya bowo looneka ngati la kiyi. Kwa woyamba, 1:8 ndi yapakati yabwino. Za chitsulo cha 4150 ndi 4140 anthu amakangana mpaka kutuluka thovu. Zoona zake 4150 imapirira kutentha kwambiri, koma munthu wowomba zipolopolo zana Loweruka sadzaona kusiyana. Mkati mwa mpope mukhale mokutidwa ndi chrome kapena molimbitsidwa ndi nitride, zonsezi zimateteza ku dzimbiri. Utali wosavuta ndi mainchesi 16, pafupifupi masentimita 41. Ukachepera pamenepo mfuti imagwera m'malamulo ena a mu 1934 ofuna kulembetsa mwapadera.

Pa mpope wa mainchesi 16, kabowo ka mpweya kangakhale pafupi, pa mainchesi 7, zomwe amati carbine, kapena patsogolo pang'ono, pa mainchesi 9, zomwe amati mid-length. Yachiwiriyi imalandira mpweya utachepa ukali, motero mfuti imayenda mofatsa ndipo zigawo sizitha msanga. Makampani otchipa amakonda kuboola kabowo kakakulu kuti mfuti iziyenda ndi zipolopolo zilizonse, ngakhale zofooka, makasitomala asamabwerere kudzadandaula. Zotsatira zake mfuti imakankha mwaukali ndi kukuthirani utsi m'maso. Izi mumaziona pa momwe zigoba zikugwera. Yerekezani kuti mpope waloza pa 12 koloko. Zigoba zikamagwera kumanja kwanu pakati pa 3 ndi 4 koloko, zonse zili bwino. Zikamathamangira kutsogolo, pa 1 kapena 2 koloko, mpweya wachuluka, ndipo mankhwala ake osavuta n'kusintha cholemera cha m'thako, chomwe amati buffer, kuchoka pa wamba kupita pa cholemererapo cha H kapena H2. Zikamangogwera pafupi ndi phazi lanu cham'mbuyo mofooka, mpweya wachepa kapena ukudontha.

Chachinayi n'chaching'ono koma chimaulula khalidwe la wolumikiza: nati yamano yomwe imagwira mpope wa sipulingi kumbuyo kwa thupi la mfuti. Nayonso iyenera kukhomeredwa pamalo amodzi kapena awiri. Onaninso ngati choyang'anira chakutsogolo chaima chilili kapena chapendekera mbali, ndiponso ngati timakwerero tiwiri tomwe chipolopolo chimakwerapo polowa mumpope tikulumikizana bwino ndi thupi popanda mlomo wokola. Thupi likhale la aluminiyamu ya 7075-T6. Thupi lam'mwamba ndi lam'munsi zikamagwedezekerana pang'ono musade nkhawa, zimenezo sizikhudza kulasa.

Nanga makampani? Ndimawaika m'magulu atatu osalongosoka kwenikweni. Smith & Wesson M&P15 Sport ndi Ruger AR-556 ndi mfuti za makampani akuluakulu akale, zotsika mtengo, zomwe zinachepetsedwa pa zinthu zosapweteka wophunzira. Sport II, mtundu umodzi wa Sport ija, ili ndi mpope wa 4140 wa 1:9, Ruger ili ndi wa 1:8. Ubwino wawo waukulu n'kuti pakavuta pali kobwezera mfuti n'kukonzedwa. Palmetto State Armory ya ku South Carolina imagulitsa zotchipa zedi komanso zapamwamba, kotero pamenepo werengani pepala la mfuti iliyonse payokha, dzina lokha silikuuzani gulu. Colt 6920 inakhala muyezo kwa zaka zambiri, ndi mpope wa chrome wa 1:7 ndi bolt yoyezedwa, ngakhale kapangidwe kake n'kachikale ndipo kampaniyo inagulidwa ndi CZ ya ku Czech Republic mu 2021. BCM ya ku Wisconsin ndi Daniel Defense ya ku Georgia ndi za munthu wowomba zipolopolo masauzande ambiri pachaka, ndipo ndalama zoonjezerazo zimapita ku kuyeza ndi kusamala polumikiza. Kwa woyamba, maganizo anga ndi akuti mfuti ya gulu lotsika yoyang'anidwa bwino, pamodzi ndi zipolopolo 1,000 ndi maphunziro a tsiku limodzi, imaposa mfuti yodula yogona m'kabati chifukwa ndalama zonse zinathera pa iyo. Zomwe sindilimbikitsa ndi ziwiri: mfuti yopanda dzina yolumikizidwa m'galaja ndi munthu wosadziwika, komanso kudzilumikizira nokha mfuti yoyamba, chifukwa ikavuta simudzadziwa ngati cholakwika ndi chigawo kapena manja anu.

Tsiku loyamba lisanafike, pukutani mafuta omata a kufakitale, omwe ntchito yake n'kuteteza dzimbiri osati kutereretsa. Pitsani kansalu mumpope. Kenako thirani mafuta a mfuti pa bolt, pa kapini kotembenuzira ndi pa timizere tinayi tomwe chonyamula bolt chimatsetserekapo, mpaka zinyezimire. AR-15 imapirira uve koma sipirira kuuma. Gulani magazini atatu kapena anayi odziwika, monga PMAG a Magpul, ndipo mulembe manambala pansi pake ndi penti. Mfuti ikalowetsa zipolopolo ziwiri nthawi imodzi, onani nambala ya magazini. Zikachitikanso pa nambala yomweyo, wolakwa wapezeka, itayeni. Wombani zipolopolo 200 kapena 300 za zigoba za mkuwa zochokera kufakitale musanaonjezere chilichonse pa mfutiyo, ngakhale galasi lodula. Ikapitirira kukana pambuyo posintha magazini, kuthira mafuta ndi kusintha zipolopolo, ibwezeni kwa opanga osaisema kapena kuipala, chifukwa mukaikhudza chitsimikizo cha kampani choti adzakukonzerani chimatha.

Pakapita nthawi, timphete titatu ta kumchira kwa bolt timatha. Kuyeza kwake n'kosavuta: kokerani bolt kunja, imikani chonyamula chonse pathebulo nkhope ya bolt ili pansi. Chikatsika chokha ndi kulemera kwake, sinthani timpheteto. Ndi totchipa.

Pali ngozi imodzi yomwe yaphulitsa mfuti zambiri zabwinobwino. Chipolopolo cha .300 Blackout chimalowa m'magazini ya 5.56 ndipo chingathe kutsekeredwa mumpope wa 5.56, koma mutu wake ndi waukulu moti sungadutse. Mukawombera limodzi ndi mnzanu wa mfuti yotero, magazini anu asasakanikirane pathebulo. Ngozi ina ndi ya mfuti zonse zodzilowetsera zokha: kuchotsa magazini sikuchotsa chipolopolo chomwe chalowa kale mumpope. Dongosolo lake ndi limodzi ndipo silisinthidwa. Chotsani magazini kaye, kokani bolt kawiri kapena katatu, iimikeni yotsegula, suzumirani, pisani chala. Mukayamba ndi kukoka bolt magazini ikadali momo, mwangolowetsa chipolopolo china.

Powerengera ndalama phatikizanipo zotchinga m'makutu, makamaka zolowetsa ndi zovindikira pamodzi mukamawombera m'nyumba, magalasi a maso, zotsukira, ndi sefa yachitsulo yokhomerera kukhoma kapena pansi. M'nyumba zathu mumadutsa anthu ambiri, ana a achemwali, alendo obwera kudzagona sabata ziwiri, ana a anansi. Pamwamba pa wadirobu mwana amafikapo ndi mpando. Mfuti igone m'sefa yopanda chipolopolo, zipolopolo zikhale pokhoma pena, ndipo muikemo kathumba koyamwa chinyezi, makamaka ngati sefayo ili m'chipinda chapansi pa nyumba.